Zimene namwino amaphunzira kwa anthu amene si anamwino

Makolo ambiri kuno ku Lusaka, makamaka a ife amene kwathu ndi kummawa, ku Katete, ku Chadiza kapena ku Chipata, amadziwa njira imodzi yoti mwana akhale namwino: amalize giredi 12, akhoze bwino maphunziro asanu kuphatikizapo Chingerezi, masamu ndi sayansi, alowe koleji ya unamwino kwa zaka zitatu, alembe mayeso a khonsolo ya anamwino, kenako adikire kuti boma limulembe ntchito. Njira imeneyi ndi yabwino, ndipo ndi imene yatulutsa anamwino ochuluka amene agwirizira zipatala za dziko lino kwa zaka zambiri. Choncho munthu akasankha digiri ya ku yunivesite, imene imatenga zaka zinayi kapena zisanu malinga ndi sukulu, amafunsidwa kuti zaka zowonjezerazo ndi za chiyani, popeza jakisoni ndi yemweyo ndipo bala limatsukidwa chimodzimodzi. Ine ndili m'chaka chomaliza cha maphunziro amenewa, ndipo ndikayang'ana zimene zandisintha kwambiri, ndimaona kuti zambiri ndinazipeza kwa anthu amene sadzavala konse yunifolomu ya unamwino: ophunzira za famasi (za mankhwala), za labotale, za udokotala, za ukhondo wa m'madera, ndiponso alendo ochokera kumayiko ena amene tinkakumana nawo m'mawodi.

Mzinda wa Lusaka uli ndi mwayi pankhaniyi kuposa madera ambiri a dziko lino. Yunivesite ya Zambia, imene inayamba kuphunzitsa mu 1966, ili ndi nthambi ya Ridgeway moyandikana ndi chipatala chachikulu cha UTH, ndipo kumeneko sukulu ya udokotala, ya unamwino, ya zaumoyo wa anthu onse, ndi ya maphunziro ena monga famasi ndi fiziyo (yolimbitsa ziwalo za odwala) zili pafupi pafupi. Ku Chainama, m'mbali mwa msewu wa Great East, kuli yunivesite ya zachipatala ya Levy Mwanawasa, imene inakhazikitsidwa mu 2018 pamalo pamene kwa nthawi yaitali pankaphunzitsidwa ma clinical officer, amene amayeza ndi kuchiza odwala ngakhale si madokotala, ndipo chipatala cha odwala matenda a maganizo chili pomwepo. Palinso mayunivesite amene si a boma, monga Lusaka Apex. Ophunzira a m'masukulu onsewa amakathera m'zipatala zomwezo, ku UTH, ku Levy, ndi m'zipatala za m'makomboni monga Kanyama, Chawama, Matero, Chilenje ndi Chipata, kotero kuti m'mawa uliwonse m'wodi imodzi mumapezeka mayunifolomu a mitundu yosiyanasiyana atazungulira bedi limodzi.

Komabe kuzungulira bedi limodzi sikutanthauza kudziwana. Anamwino ndi azamba amalembetsedwa ndi Nursing and Midwifery Council of Zambia, bungwe limene linalowa m'malo mwa General Nursing Council potsatira lamulo la mu 2019, pamene madokotala, a famasi, a labotale ndi ena amalembetsedwa ndi Health Professions Council of Zambia. Mabungwe ndi osiyana, mayeso ndi osiyana, ngakhale zipinda zomwera tiyi nthawi zambiri zimakhala zosiyana. Ngati sukulu siwakumaniza anthu amenewa mwadala akadali ophunzira, amadzakumana koyamba usiku wina pamene wodwala akubanika, ndipo nthawi imeneyo si yoyambira kuphunzira chimene mnzako amadziwa ndi chimene sadziwa. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa chikalata mu 2010 cholimbikitsa kuti ophunzira a ntchito ziwiri kapena kuposerapo za chipatala aziphunzira limodzi, aziphunzitsana, ndiponso aziphunzira za ntchito ya wina ndi mnzake. Mbali yachitatuyi ndi imene ine ndimaiona kuti ndi yofunika koposa, ndipo ndi imene imanyalanyazidwa.

Chinthu chimene chinandionetsa bwino nkhaniyi chinachitika m'chaka chachitatu, pamene aphunzitsi anatigawa m'magulu osakanikirana n'kutipatsa wodwala mmodzi woti timutsatire mpaka atuluke. Wathu anali bambo wazaka za m'ma 40, amene ankamwa ma ARV kwa zaka zingapo ndipo anali atangopezeka ndi chifuwa chachikulu. Mnzathu wa udokotala anafotokoza bwino zimene anamva m'chifuwa ndi zimene chithunzi cha X-ray chinkaonetsa. Wa labotale anatiuza chinthu chimene ife anamwino timachichita tsiku ndi tsiku koma osachiganizira mozama, chakuti kabotolo kamene timatumiza kukayezedwa pamakina oyezera chifuwa chachikulu a GeneXpert kayenera kukhala ndi makhololo ochokera pansi pa chifuwa, osati malovu, ndipo anatisonyeza mmene amasiyanitsira ziwirizi poyang'ana kabotoloko pakuwala. Anawonjezera kuti magazi akakokedwa mwamphamvu ndi singano yaing'ono, kapena akakhutchumulidwa m'botolo, timaselo tofiira timasweka ndipo zotsatira za potaziyamu, mchere wina wa m'magazi, zimaoneka zokwera pamene wodwalayo alibe vuto lotero. Kuyambira tsiku limenelo, fomu ikabwerera kuchokera ku labotale yolembedwa kuti titengenso magazi ena, ndimadziwa chimene akutanthauza ndi pamene vutolo linayambira.

Wa famasi ndiye anabweretsa mfundo imene inasintha dongosolo lonse. Anafotokoza kuti rifampicin, mmodzi wa mankhwala anayi oyambira pochiza chifuwa chachikulu, amachititsa chiwindi kugaya mankhwala ena mofulumira kwambiri, ndipo pakati pa mankhwala amenewa pali dolutegravir amene ali m'piritsi la ARV limene bambo aja ankamwa kamodzi patsiku. Pachifukwa chimenechi wodwala wotere amapatsidwa piritsi lina la dolutegravir la mamiligalamu 50 loti amwe patapita maola 12, kuti mankhwala asachepe m'magazi ndi kupatsa kachirombo ka HIV mpata woti kachulukane. Anatikumbutsanso kuti rifampicin yemweyo amafooketsa njira zina zolera monga za pamkono, zimene ndi zofunika kuzidziwa wodwalayo akakhala mayi. Zonsezi zili m'mabuku athu a unamwino, koma zili m'mizere iwiri imene munthu amaloweza usiku woti mawa ndi mayeso. Kuzimva kuchokera kwa munthu amene wakhala chaka chathunthu akuphunzira mmene chiwindi chimagwirira ntchito kunali kosiyana kwambiri.

Pamene gulu linkaona ngati nkhani yatha, inafika nthawi yathu ife anamwino awiri, ndipo chimene tinali nacho sichinali m'faelo. Tinali titakhala ndi bamboyo m'mawa pomusambitsa ndi madzulo pomupatsa mankhwala, ndipo tinkadziwa kuti ndi mlonda wausiku pasitolo ina m'tauni, kuti akachira adzabwerera kuntchito imeneyo, ndiponso kuti anzake a pantchito sadziwa kuti amamwa mankhwala alionse. Piritsi lamadzulo limene wa famasi ankanena linkagwera nthawi imene bamboyo amakhala pageti pamodzi ndi mnzake. Tinkadziwanso kuti anachita mantha ataona mkodzo wake utafiira, ndipo anandinong'oneza kuti, "Mwana wanga, mankhwala awa akunditulutsa magazi, kodi sindingawasiye kaye?" Ndinamuyankha kuti, "Ayi bambo, si magazi amenewo, ndi mtundu wa mankhwalawo. Ngakhale thukuta ndi misozi zikhoza kusintha mtundu, ndipo zidzasiya mukadzamaliza." Titanena zimenezi m'gulu, tinakhala pansi tonse n'kukonzanso nthawi zomwera mankhwala kuti piritsi lowonjezera lizimwedwa kunyumba asananyamuke, ndipo wa udokotala analemba yekha m'faelo kuti wodwalayo afotokozeredwenso za mtundu wa mkodzo asanatuluke. Tsiku limenelo ndinaona ndi maso anga kuti chimene namwino amadziwa chifukwa chokhala pafupi ndi wodwala maola ambiri chimalemera mofanana ndi zotsatira za ku labotale, malinga ngati namwinoyo wapatsidwa mpata wolankhula ndipo iye mwini akudziwa kuchiyala mwadongosolo.

Kuyala nkhani mwadongosolo kumeneku kumachita kuphunzitsidwa. Pali njira ina imene timaiphunzira, yodziwika ndi zilembo zakuti SBAR, imene imati ukamaitana dokotala uyambe ndi chimene chikuchitika panopa, unene mwachidule mbiri ya wodwalayo, unene chimene iwe ukuganiza kuti ndilo vuto, ndipo umalize ndi chimene ukupempha kuti chichitike. Magawo awiri oyambawo savuta. Awiri omalizawo amalemera pakamwa pa mtsikana woleredwa bwino wa kwathu, amene anaphunzitsidwa kuti wamkulu sauzidwa chochita. Azakhali anga, amene anagwira ntchito ya unamwino pachipatala china cha mishoni kummawa mpaka kupuma, amasimba kuti m'masiku awo dokotala akalowa m'wodi namwino ankaimirira manja kumbuyo, ndipo akaona kuti mlingo wa mankhwala walakwika ankachita kuzungulira nayo nkhaniyo mpaka dokotalayo aone ngati waitulukira yekha. Nditawafotokozera za SBAR anaseka n'kunena kuti, "Mwana wanga, ife tinkachita zomwezo, kungoti tinkadutsa kuseri kwa nyumba." Ulemu umenewo sindikuunyoza, koma kuzungulira kumadya nthawi, ndipo mayi amene akutaya magazi atabereka alibe nthawi yoteroyo. Wophunzira amene wakhala akutsutsana ndi mnzake wa udokotala pabenchi limodzi, ndipo nthawi zina n'kupezeka kuti wolondola ndi iyeyo, savutika kunena pafoni pakati pa usiku kuti, "A dokotala, ndikuona kuti mayiyu akutaya magazi mkati, ndikupempha kuti mubwere tsopano lino."

Apa ndiyenera kunena mosabisa kuti digiri siipatsa munthu manja. A Sista amene ali ndi dipuloma ndipo akhala m'wodi ya ana zaka zambiri amapeza mtsempha pakadzanja ka khanda louma m'thupi pamene ife a ku yunivesite tikufufuzabe, ndipo amadziwa mwana amene watsala pang'ono kukomoka pongomuyang'ana ali pakhomo. Ophunzira a digiri amene amafika m'wodi mapewa ali m'mwamba amadzitsekera okha sukulu yabwino koposa. Chimene yunivesite imawonjezera ndi chizolowezi chofunsa kuti n'chifukwa chiyani, luso lowerenga kafukufuku ndi kuona ngati ndi wodalirika, ndiponso kudziwa bwino ntchito za anzako kotero kuti ukudziwa woti umuitane ndi chimene ungamufunse.

Mliri wa kolera umene unayamba mu Okutobala 2023 ndiwo unaonetsa mzinda wonse kuti matenda sasamala za malire a ntchito zathu. Anthu oposa 20,000 anadwala m'dziko muno ndipo oposa 700 anamwalira, sukulu zinachedwa kutsegulidwa mpaka mu Febuluwale 2024, ndipo bwalo la masewera la National Heroes linasandutsidwa malo ochizirako odwala, monga mmene zinalilinso pa mliri wa 2017 mpaka 2018. Ntchito ya namwino pamalo otere ndi yodziwika. Wodwala amagona pabedi lobowola pakati, ndowa ili pansi pake, ndipo iwe umayang'ana maso ngati alowa, umatsina khungu la pamimba kuona ngati likubwerera msanga, umamva kugunda kwa mtsempha, kenako umaona ngati angathe kumwa madzi a mchere ndi shuga otchedwa ORS kapena afunika dripi ya Ringer's lactate yothamanga. Munthu amene anabwera atanyamulidwa m'mawa akhoza kukhala tsonga madzulo n'kupempha phala, ndipo pantchito yathu palibe zinthu zambiri zosangalatsa kuposa zimenezi. Koma bedi likangotsala lopanda munthu, wina ankafika kuchokera kukomboni komweko.

Amene anandithandiza kumvetsa chifukwa chake ndi mnzanga wophunzira za ukhondo wa m'madera. Iye anafotokoza kuti Kanyama ndi madera oyandikana nawo ali pamwala wa laimu wokhala ndi ming'alu ndi mapanga, kuti madzi apansi ali pafupi kwambiri, ndipo mvula ikagwa zimbudzi zokumba ndi zitsime zosazama zimakhala ngati zalumikizana pansi pa nthaka. Anandionetsa kachipangizo koyezera klorini, mankhwala ophera tizirombo, wotsala m'madzi, mmene madzi amasinthira mtundu ukaponyamo kapiritsi, ndipo anati madzi otungidwa pampopi wabwino akhoza kuipitsidwa m'chigubu momwemo kapena ndi kapu imene aliyense amaviika m'ndowa. Kuyambira pamenepo, potulutsa wodwala sindinkangomuuza kuti azisamba m'manja, koma ndinkamufunsa kumene amatunga madzi, mmene amawasungira, ndi ngati ali ndi botolo la mankhwala oyeretsera madzi a Clorin kunyumba. Ntchito ya chipatala ili ngati amayi awiri osinja mumtondo umodzi, amene misi yawo imagundana ngati wina sadziwa nthawi imene mnzake akweza ndi kutsitsa.

Si zonse zimene zimatchedwa kuphunzira limodzi zimene zilidi choncho. Kuika ophunzira mazanamazana a maphunziro osiyana m'holo imodzi kuti amvere mphunzitsi wa anatomi, phunziro la ziwalo za thupi, kumachepetsa ndalama zolipira aphunzitsi, koma aliyense amakhala ndi a gulu lake ndipo amatuluka osadziwa dzina la wina. Ndandanda za nthawi nazonso sizigwirizana, chifukwa pamene anamwino ali m'mawodi a famasi ali pamayeso. Kumene ndinaona phindu ndi kumene gulu linali laling'ono, wodwala anali weniweni kapena chidole cha m'chipinda choyeserera, ndipo malikisi ankaperekedwa kwa gulu lonse, kotero kuti kunyalanyaza mnzako kunali kudzipweteka wekha.

Nkhani ya kuphunzira ndi a kunja ndi imene imakopa achinyamata ambiri, ndipo masukulu amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake m'timabuku tawo toitanira ophunzira simulephera kukhala chithunzi cha ophunzira a mitundu yosiyana akumwetulira. Zoona zake n'zakuti ulendo umenewu kawirikawiri umayenda mbali imodzi. Ophunzira a ku Ulaya ndi ku America amabwera kuno mosavuta, amakhala masabata angapo m'zipatala zathu, amaona malungo aakulu, matenda osowa zakudya m'thupi ndi chifuwa chachikulu chimene kwawo amangochiwerenga, kenako amapita kukaona mathithi a Victoria asanakwere ndege. Wophunzira wa kuno kuti apite kwawoko ayenera kupeza viza, tikiti, inshuwalansi ndi ndalama zogonera zimene kwacha yathu siikwanitsa, ndipo akafika nthawi zambiri amaloledwa kungoyang'ana osakhudza wodwala. Pamene iwo ali kuno, ife timakhala owamasulira, chifukwa agogo amene ali pabedi amalankhula Chinyanja, Chibemba kapena Chitonga. Ndikuganiza kuti sukulu iliyonse yolandira alendo otere iyenera kufunsa poyera kuti ophunzira ake apindula chiyani, ndipo pangano limene lilibe malo a ophunzira athu kumbali inayo liyenera kukambidwanso.

Ngakhale zili choncho, ndinganame nditati sindinaphunzirepo kanthu kwa alendowo. Mtsikana wina wa ku Ulaya amene tinali naye m'wodi ya amayi sankakhudza wodwala asanadzitchule dzina, kufotokoza chimene akufuna kuchita ndi kupempha chilolezo, ndipo ankafunafuna chotchinga ngakhale pamene wodi inali yodzaza mpaka pansi. Poyamba zinkaoneka ngati kutaya nthawi, koma ndinaona mmene nkhope za amayiwo zinkamasukira, ndipo ndinazindikira kuti zimene ankachitazo ndi ulemu womwewo umene timaphunzitsidwa kwathu polowa m'nyumba ya munthu, umene kuchuluka kwa odwala kumatiiwalitsa. Ankafunsanso za ululu mobwerezabwereza ndi kulemba yankho lake, pamene ife tinazolowera kuyamikira wodwala wopirira. Iyenso anaphunzira kwa ife kuwerenga madontho a dripi ndi wotchi popanda makina, kumva kugunda kwa mtima wa mwana wosabadwa ndi kachitoliro ka Pinard, ndi kugwira ntchito ndi achibale amene amagona pambali pa bedi, kudyetsa ndi kusambitsa wodwala wawo, chinthu chimene anati kwawo sichichitika.

Chimene chimandidabwitsa n'chakuti tikamanena za kunja maganizo athu amathamangira ku London, pamene nzeru zambiri zimene zikupulumutsa anthu m'mawodi athu zinachokera kumayiko a mavuto ofanana ndi athu. Njira ya kangaru, yoika khanda lobadwa masiku asanakwane pachifuwa cha mayi ake khungu ndi khungu, inayambira ku Bogota m'dziko la Colombia mu 1978, pamene dokotala wa ana Edgar Rey anasowa makina okwanira ofunditsira makanda. Madzi a mchere ndi shuga amene tinkamwetsa odwala kolera anaonetsa mphamvu yake mu 1971 m'misasa ya anthu othawa nkhondo ya ku Bangladesh, pamene dokotala Dilip Mahalanabis anaona kuti madripi sakwanira ndipo anayamba kumwetsa anthu ndi makapu mothandizidwa ndi achibale awo. Anthu amenewa sanadikire zipangizo zodula, ndipo namwino wa ku Chawama ali ndi zambiri zokambirana ndi anamwino a kumayiko otere kuposa mmene timaganizira.

N'chifukwa chake ndimalakalaka kuti masukulu athu akanalimbikira kusinthana ophunzira ndi mayiko oyandikana nawo. Ku Malawi kuli Kamuzu University of Health Sciences, imene inapangidwa pophatikiza koleji ya unamwino ya Kamuzu ndi koleji ya udokotala, ndipo ili ndi nthambi ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Kuchoka ku Lusaka munthu amakwera basi pasiteshoni ya Intercity, n'kudutsa pa Luangwa, Nyimba, Petauke ndi Chipata, n'kuwoloka malire pa Mwami, ndipo akafika m'wodi ku Lilongwe safuna womumasulira. Matenda ndi omwewo, kuchepa kwa zipangizo n'kofanana, koma njira zothetsera mavuto zimasiyana, ndipo kusiyana kotereku ndi kumene munthu angathe kubwera nako kwawo n'kukugwiritsa ntchito sabata yotsatira. Bungwe la anamwino ndi azamba la mayiko a kummawa, pakati ndi kummwera kwa Africa, limene likulu lake lili ku Arusha m'dziko la Tanzania, lilipo kale, kotero kuti poyambira sipakusowa. Maphunziro a pa intaneti ophatikiza makalasi a mayiko awiri nawonso amathandiza ndipo ndi otsika mtengo, ngakhale kuti magetsi akazima pakati pa zokambirana umabwerera n'kupeza anzako atafika kale pamutu wina.

Pali nkhani ina imene imabisala kuseri kwa mawu akuti mwayi wa kunja, ndipo m'mahositelo imakambidwa kuposa maphunziro enieniwo. Ambiri akamati kunja amatanthauza kukagwira ntchito, osati kukaphunzira. Lipoti la WHO la mu 2020 lokhudza unamwino linanena kuti dziko lonse lapansi linkaperewera anamwino pafupifupi 5.9 miliyoni, ndipo namwino mmodzi mwa asanu ndi atatu alionse ankagwira ntchito m'dziko limene sanabadwiremo kapena kuphunziramo. Kuno kwathu zinthu ndi zosokoneza, chifukwa mawodi akusowa anamwino pamene anamwino omaliza maphunziro ali pakhomo kapena akugwira ntchito mongodzipereka kudikira kuti boma lilembe anthu. Pamene boma linalemba ntchito anthu a zaumoyo oposa 11,000 mu 2022, ofunsira anali ochuluka kwambiri kuposa malo amene analipo. Munthu wotere akamaganiza za ku Britain, ine sindingamuloze chala, makamaka ngati ali ndi ngongole ya maphunziro yoti abweze ndi abale oti awalipirire sukulu.

Koma woganiza zimenezi adziwe mmene zinthu zilili. Mu 2023 dziko la Zambia linaikidwa pamndandanda wa WHO wa mayiko 55 amene ali ndi kuchepa kwakukulu kwa ogwira ntchito za umoyo, ndipo tanthauzo lake n'lakuti mayiko olemera sayenera kubwera kudzakopa anamwino kuno mwadala, ngakhale kuti munthu payekha saletsedwa kufunsira ntchito mwachindunji. Choncho munthu amene akudzitcha ejenti, n'kumalonjeza ntchito ya kunja posinthana ndi ndalama zambiri zolipiriratu, ayenera kukayikiridwa. Wofuna kulembetsedwa ku Britain amayenera kukhoza mayeso a Chingerezi a IELTS kapena OET, mayeso a pakompyuta, ndi mayeso ochita ndi manja otchedwa OSCE amene amalembedwera komweko, ndiponso khonsolo ya kuno iyenera kuchitira umboni kuti ndi namwino wolembetsedwa wopanda mlandu. Zimenezi zikutanthauza kuti ngakhale wofuna kuchoka ayenera kuyamba waonetsetsa kuti sukulu imene akulowa ndi yovomerezedwa ndi khonsolo ya anamwino komanso ndi bungwe loona za masukulu apamwamba la Higher Education Authority, chifukwa pepala la sukulu yosavomerezedwa siligwira ntchito kuno ngakhale kunja.

Kwa ine, muyeso wa mwayi uliwonse wa kunja ndi womwewo umene ndimayezera kuphunzira ndi a famasi kapena a labotale, wakuti kodi ukusintha chiyani pa zimene ndidzachita ndikaima pambali pa bedi. Ulendo wa masabata awiri umene phindu lake ndi zithunzi za pa Facebook sungafanane ndi chaka chathunthu chokambirana pa intaneti ndi anamwino a dziko lina za mmene amachepetsera matenda a mabala a opaleshoni. Wofuna kulowa sukulu afunse ophunzira amene ali kale kumeneko, osati a ku ofesi yolembetsa okha, kuti ndi angati a m'kalasi mwawo amene anapitadi kunja, analipira ndani, ndipo ndi liti pamene anagwirapo ntchito imodzi ndi ophunzira a maphunziro ena n'kupatsidwa malikisi limodzi. Mayankho a mafunso amenewa amasiyana kwambiri pakati pa sukulu ndi sukulu, ngakhale zimene timabuku tawo timafanana.

M'chaka chomaliza aliyense amachita kafukufuku wake, ndipo wanga wachokera kwa bambo mlonda uja. Ndikufuna kudziwa ngati odwala amene akumwa mankhwala a chifuwa chachikulu pamodzi ndi ma ARV amamvetsa chifukwa chimene apatsidwira piritsi lowonjezera, nthawi imene amalimwa akabwerera kunyumba, ndi amene anawafotokozera, kaya ndi namwino, wa famasi kapena dokotala, popeza ndikukayikira kuti nthawi zina aliyense mwa atatuwa amaganiza kuti mnzake wanena kale. Mafunso ndawalemba m'Chingerezi ndi m'Chinyanja, mnzanga wa famasi uja wawaunika kuti mayina ndi milingo ya mankhwala zikhale zolondola, ndipo mnzanga wina wophunzira zaumoyo wa anthu onse wandithandiza kuwerengera chiwerengero cha odwala amene ndiyenera kucheza nawo. Pakali pano mapepala ali ku komiti yoona kuti kafukufuku sakuphwanya ufulu wa odwala, ndipo chilolezo chikatuluka ndidzayamba ndi kiliniki ya chifuwa chachikulu imene imatsegulidwa m'mawa kwambiri, odwala asanabalalike kupita kuntchito zawo.